Kodi mankhwala a gulu la morphine angateteze ubongo wa wodwala sitiroko? Mafunso ndi mayankho

Kwa zaka zoposa 40, akatswiri a ubongo ku America, ku Ulaya ndi ku China akhala akufufuza ngati malo amene morphine amagwira m'maselo angathandize kupulumutsa ubongo munthu akagwidwa ndi sitiroko. Ntchitoyi yadutsa kwa agologolo, kwa nkhasi za m'madzi, kwa makoswe osawerengeka ndi kwa odwala mazana angapo. Mpaka pano sinabereke mankhwala oti dokotala n'kulembera munthu, koma zimene yavumbula n'zoyenera kuzidziwa.

Tiyambe ndi sitiroko yeniyeniyo. Chimene chimapha maselo a ubongo n'chiyani?

Ubongo ndi wosusuka, ndipo susunga chakudya cha mawa. Kulemera kwake ndi magawo 2 okha pa 100 a thupi lonse, koma umatenga magawo pafupifupi 20 pa 100 a okosijeni amene thupi limagwiritsa ntchito. Magazi akasiya kufika pamalo ena ake, mavuto amayamba mphindi zochepa chabe.

Sitiroko ili mitundu iwiri. Wina mtsempha umatsekeka ndi magazi oundana, wina mtsempha umaphulika magazi n'kukhuthukira mu ubongo. M'mayiko olemera, odwala pafupifupi 85 pa 100 alionse amakhala a mtsempha wotsekeka. Kuno ku Africa yophulika mtsempha imachulukirapo, makamaka chifukwa cha BP imene yakhala zaka osalandira mankhwala. Kafukufuku amene tikunena panoyu amayang'ana kwambiri za mtsempha wotsekeka.

Selo la ubongo limagwira ntchito usana ndi usiku kutulutsa sodiyamu kunja ndi kusunga potaziyamu mkati, ndipo ntchito imeneyi imadya mphamvu zambiri. Okosijeni ndi shuga zikasowa, mphamvu zimatha. Sodiyamu amalowa pamodzi ndi madzi, selo n'kutupa. Kenako maselo amataya glutamate wochuluka zedi. Masiku onse glutamate ndi amene amanyamula uthenga kuchoka ku selo lina kupita ku linzake, koma akasefukira amatsegula njira zoti kashiamu alowe mosaletseka, ndipo kashiamuyo amadzutsa ma enzyme amene amagaya selo kuchokera mkati. Patapita maola ndi masiku kumabwera kutupa, pamene maselo oteteza ubongo otchedwa microglia amathamangira pamalopo ndipo nthawi zina amawononga ndi zomwe zinapulumuka zomwe.

Chofunika kumvetsa n'chakuti sizifa zonse nthawi imodzi. Ganizirani dimba lothirira ndi ngalande. Ngalande ikatsekeka, mbewu za pakati zimauma msanga, koma za m'mbali zimangofota, chifukwa zimapezako chinyezi chochokera m'mabedi oyandikana. Madzi akabwera msanga zimadzukanso, akachedwa nazo zimapita. Mu 1981, Jens Astrup, Bo Siesjö ndi Lindsay Symon anafotokoza chigawo chofota chotere mu ubongo, chimene madokotala amati penumbra. Mu 2006, Jeffrey Saver wa ku Los Angeles anawerengera kuti pa sitiroko ya mtsempha waukulu, munthu amataya maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse imene sanathandizidwe. Nkhondo yonse ndi yolimbirana chigawo chofotachi.

Kodi mankhwala a sitiroko kulibe kale?

Alipo, koma ntchito yake ndi kutsegula mtsempha basi. Alteplase, amene amasungunula magazi oundana, anavomerezedwa ku America mu 1996. Poyamba ankaperekedwa pasanathe maola 3, ndipo kafukufuku wa mu 2008 anakankhira malirewo pa maola 4 ndi theka. Kuyambira 2015 kwafalanso njira yolowetsa kachubu mumtsempha kuchokera pa ntchafu mpaka kumutu n'kukoka chotsekacho. Njira zonsezi zimafuna sikani ya CT, akatswiri ndi kufika msanga, ndipo ngakhale m'mayiko olemera odwala ambiri sazipeza.

N'chifukwa chake anthu amalakalaka mankhwala a mtundu wina, oti asatsegule mtsempha koma alimbitse selo kuti lipirire njala kwa nthawi yotalikirapo. Mankhwala otere akanakhala osaopsa, bwenzi akubayidwa mu ambulansi kapena pachipatala chaching'ono wodwala asanafike kumene kuli sikani. Amene angapindule kwambiri ndi odwala okhala kutali ndi zipatala zikuluzikulu.

Nanga malo amene morphine amagwira aja, otchedwa ma receptor a opioid, n'chiyani?

Ndi mapuloteni okhala pakhungu la selo, amene amalandira uthenga kuchokera kunja n'kuupereka mkati. Morphine anapatulidwa ku utomoni wa duwa la popi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ndi Friedrich Sertürner wa ku Germany, koma kwa zaka zoposa 160 palibe amene anali ataona malo amene amagwira. Mu 1973, Candace Pert ndi Solomon Snyder a ku Johns Hopkins University anawapeza, ndipo chaka chomwecho Eric Simon ku New York ndi Lars Terenius ku Uppsala anapezanso zofanana. Apa panabuka funso: thupi lingakhale bwanji ndi malo olandirira utomoni wa duwa? Yankho linachokera ku Aberdeen ku Scotland mu 1975, pamene John Hughes ndi Hans Kosterlitz anapeza kuti ubongo umapanga wokha timapuloteni togwira malo omwewo, totchedwa enkephalin. Kenako kunapezeka endorphin ndi dynorphin.

Ma receptor amenewa ali mitundu itatu yodziwika bwino: mu, delta ndi kappa. Wachinayi, wotchedwa NOP, anapezeka m'ma 1990. Morphine, pethidine, heroin ndi fentanyl amagwira kwambiri pa mu, ndipo kumeneko n'kumene kumachokera kutha kwa ululu, chibaba, kudzimbidwa ndi kupuma mofooka kumene kumapha anthu omwa mopyola muyezo. Delta ndi kappa ali ndi khalidwe lina. Onse atatu akagwiridwa amatontholetsa selo: amachepetsa kashiamu wolowa, ndipo selo limachepetsa uthenga umene limatumiza. Mukakumbukira kuti pa sitiroko selo limafa ndi kashiamu wochuluka ndi uthenga wosefukira, muona chifukwa chake akatswiri anatembenukira kumeneku.

Ndiye anayamba n'kupatsa odwala morphine?

Ayi, anayambira mbali inayo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, John Holaday ndi Alan Faden anaona kuti naloxone, mankhwala amene amatseka ma receptor a opioid, ankakweza BP ya nyama zimene zinali pafupi kufa ndi matenda olowa m'magazi. Ganizo linali lakuti thupi likavulala limataya ma endorphin ochuluka, ndipo amenewo ndiwo amaonjezera vuto. Mu 1981, David Baskin ndi Yoshio Hosobuchi a ku San Francisco analemba mu magazini ya The Lancet za odwala awiri amene ziwalo zawo zinayambanso kugwira atangobayidwa naloxone, ngakhale kuti mankhwalawo atatha mphamvu kufooka kunabwerera. Wodwala wachitatu, amene ubongo wake unali utafa kale pamalopo, sanasinthe.

Nkhaniyi inamveka kutali. Naloxone anali kale m'makabati a zipatala, wotchipa ndi wodziwika kuti saopsa. Koma madokotala ena atamuyesa pa odwala ambiri, chozizwitsacho sichinaoneke. Anamuyesanso pa anthu ovulala msana m'kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 1990, osathandiza. Mbale wake wokhalitsa m'thupi, nalmefene, anayesedwa pa odwala sitiroko 368 amene analandira mankhwalawo kapena madzi chabe pasanathe maola 6. Zotsatira zinatuluka mu 2000: patatha miyezi 3, magulu awiriwo sanasiyane.

Odwala awiri si umboni. Sitiroko zina zimabwerera zokha mtsempha ukatseguka wokha, ndipo dokotala amene wangobaya jakisoni amafulumira kukhulupirira kuti ndi jakisoniyo.

Zitakanika chonchi, bwanji nkhaniyo sanaisiye?

Chifukwa umboni wina unayamba kubwera kuchokera kumalo osayembekezeka, ndipo wonse unkaloza ku receptor ya delta. Nthawi ino ganizo linali loidzutsa, osati kuitseka.

Woyamba unachokera kwa nyama zogona nyengo yozizira. Agologolo a pansi a ku North America amagona miyezi ingapo, thupi litazizira kufika pafupi ndi pamene madzi amaundana, mtima ukugunda kangapo kokha pa mphindi. Magazi opita ku ubongo amatsika kufika poti munthu akanafa, koma iwo amadzuka ubongo uli bwinobwino. Mu 1969, Albert Dawe ndi Wilma Spurrier ananena kuti magazi a gologolo wogona, akabayidwa kwa gologolo wa m'chilimwe, amamugonetsa. Chinthu chogonetsacho sichinapatulidwe bwinobwino, ndipo akatswiri ena atabwereza sanapeze zofanana. Komabe Peter Oeltgen wa ku University of Kentucky anaona kuti naloxone ankasokoneza tuloto, ndipo mu 1988 gulu lake linanena kuti DADLE, enkephalin wopangidwa mu labotale amene amakonda delta, ankagonetsa agologolo nthawi yotentha. Pambuyo pake anaonetsanso kuti DADLE amatalikitsa nthawi imene ziwalo zochotsedwa m'thupi la nyama zingakhale zamoyo.

Wachiwiri unachokera ku mtima. Mu 1986, Charles Murry, Robert Jennings ndi Keith Reimer anapeza kuti mtima wa galu ukatsekeredwa magazi mphindi zochepa kangapo, umapirira bwino akadzautsekera nthawi yaitali. Njala yaing'ono imaukonzekeretsa njala yaikulu. Mu 1995, gulu la Garrett Gross ku Milwaukee linaonetsa pa makoswe kuti naloxone amachotsa chitetezo chimenechi, kutanthauza kuti ma opioid a thupi lenilenilo ali nawo pa ntchitoyo, ndipo kafukufuku wotsatira analoza ku delta.

Wachitatu, umene ine ndimauona kukhala wokoma kuposa wonse, ndi wa nkhasi. Nkhasi zina za m'madzi za ku North America zimakhala nyengo yozizira pansi pa maiwe oundana, m'matope mopanda okosijeni, ubongo wake osafa. Ying Xia ndi Gabriel Haddad a ku Yale University anayerekeza ubongo wa nkhasi ndi wa khoswe, ndipo mu 2001 analemba kuti nkhasi ili ndi ma receptor a delta ochuluka kwambiri kuposa khoswe. Izi pazokha sizitsimikiza kanthu, chifukwa nkhasi imasiyana ndi khoswe m'njira zambiri. Koma chaka cha 2000 gulu lomwelo linali litayesa kale mwachindunji. Anatenga maselo a ubongo wa khoswe, kuwalera m'timbale, n'kuwathira glutamate wochuluka. M'timbale mmene munali DADLE, kuwonongeka kunatsika pafupifupi ndi theka. Atathiramo naltrindole, amene amatseka delta yekha, chitetezocho chinatha. Mankhwala odzutsa mu ndi kappa sanathandize pa kuyesa kumeneko.

Delta imateteza bwanji selo?

Zimene zaoneka m'malabotale ndi zingapo, ndipo zimagwera pamalo osiyanasiyana a njira ya imfa ija. Poyambirira penipeni, delta imachepetsa sodiyamu wolowa ndi potaziyamu wotuluka, choncho selo silifulumira kusokonekera ndipo siliononga mphamvu zochepa zimene latsala nazo. Glutamate wotayika amachepa. Mkati mwa selo, delta imadzutsa njira zolimbikitsa moyo, monga ya ERK, n'kufooketsa zoitana imfa, monga ya p38. Imakwezanso BDNF, puloteni yosamalira maselo a ubongo, ndi ma enzyme ochotsa zinthu zowononga zimene zimabadwa okosijeni akabwerera mwadzidzidzi. Gulu la Xia linaonetsanso kuti maselo a ubongo akakonzekeretsedwa ndi njala yaing'ono ya okosijeni, monga zinachitikira mtima wa galu, chitetezo chake chimadutsira pa delta.

Ubwino wake ndi womwewo wogwira malo ambiri. Mankhwala ambiri amene analephera kale ankatseka njira imodzi yokha, monga ya NMDA imene glutamate amalowetsera kashiamu, ndipo imfa inkangodzera njira ina. Kuipa kwake n'kwakuti chinthu chogwira paliponse chimavuta kuchiyeza, ndipo pepala lililonse limatha kupeza njira yake yatsopano. Mndandanda wa njira ukamatalika popanda wodwala ndi mmodzi yemwe amene wachira, munthu uyenera kuyamba kusamala.

Nanga kappa?

Nayo ili ndi mbiri yake, ndipo pa nyama zathunthu yachita bwino kuposa mmene inachitira m'timbale. Ku Johns Hopkins, mankhwala otchedwa BRL 52537 anachepetsa kukula kwa chigawo chakufa mu ubongo wa makoswe, ngakhale ataperekedwa patapita maola angapo. Koma mu 2005 gulu lomwelo linapeza kuti ankateteza makoswe aamuna okha, aakazi ayi. Theka la odwala sitiroko ndi amayi, choncho si nkhani yaing'ono.

Palinso salvinorin A, wochokera ku chitsamba cha Salvia divinorum chimene anthu a mtundu wa Mazatec ku Oaxaca m'dziko la Mexico amagwiritsa ntchito pa miyambo yawo. Mu 2002, gulu la Bryan Roth linapeza kuti amagwira pa kappa. Ku University of Pennsylvania anamuyesa pa ana a nkhumba ndipo anaona kuti amatakasa mitsempha ya mu ubongo. Vuto la kappa pa munthu n'lodziwika kalekale: imabweretsa kusasangalala koopsa, kuona zinthu zomwe palibe ndi kukodza pafupipafupi. Munthu amene wangogwidwa ndi sitiroko, amene madokotala akufuna kudziwa ngati akuzindikira, si woti n'kumuonjezera masomphenya.

Zoyesa pa makoswezi zimachitika bwanji? Tingazikhulupirire?

Khoswe amamugonetsa ndi mankhwala, n'kumung'amba pang'ono pakhosi. Wofufuza amalowetsa ulusi wa nayiloni wonona kunsonga mumtsempha wa pakhosi, n'kuukankha pang'onopang'ono mpaka utatseka pamene pamayambira mtsempha waukulu wa pakati pa ubongo. Ulusiwo umakhala ola limodzi kapena awiri, kenako amauchotsa kuti magazi abwerere. Mawa lake khoswe amakoka mwendo umodzi ndipo akamayenda amangozungulira mbali imodzi. Akamupha, ubongo amaudula tizidutswa topyapyala n'kutiviika m'mankhwala otchedwa TTC. Pamene pali moyo pamafiira, pakufa pamatsala poyera. Amayeza kukula kwa poyerapo, n'kuyerekeza makoswe olandira mankhwala ndi osalandira.

Njirayi ndi yabwino, koma taonani kusiyana kwake ndi wodwala weniweni. Makoswewa nthawi zambiri amakhala aang'ono, aamuna, athanzi, opanda BP, opanda shuga, obadwa ku mtundu umodzi. Wofufuza amadziwa mphindi imene sitiroko yayamba, ndipo mtsempha umatseguka nthawi imene iye wafuna. M'makafukufuku ambiri a delta, mankhwala ankaperekedwa sitiroko isanayambe kapena mphindi zochepa itangoyamba, nthawi zina mwa kubaya mu ubongo mwenimweni. Wodwala wa zaka 65 amene wadzuka m'mawa mkono sukugwira sadziwa kuti zinayamba liti, ndipo palibe amene akanamubaya dzulo lake. Ubongo wa khoswe ulinso ndi ulusi wolumikiza zigawo wochepa poyerekeza ndi wa munthu, pamene kulumala kwa munthu nthawi zambiri kumachokera ku ulusi umenewo.

Vutoli si la ma opioid okha. Mu 2006, Victoria O'Collins ndi anzake ku Melbourne anawerenga njira 1,026 zimene zinayesedwapo pofuna kuchiza sitiroko. Mwa zimenezi, 114 zinafika kwa anthu, ndipo mwa mankhwala oteteza selo palibe ndi amodzi omwe amene anatsimikizika. Anapezanso chinthu chochititsa manyazi, kuti amene anasankhidwa kupita kwa anthu sanali ochita bwino pa nyama kuposa amene anasiyidwa. Chaka chotsatira, NXY-059, amene ambiri ankamudalira, analephera pa odwala oposa 3,000. Mu 2020, nerinetide analepheranso pa gulu lonse la odwala amene anayesedwa. Kuyambira 1999 pali malangizo otchedwa STAIR, akuti mankhwala ayesedwe pa nyama zokalamba, zazikazi ndi zazimuna, zodwala BP kapena shuga, m'malabotale angapo, woyeza asakudziwa kuti khoswe uti walandira chiyani. Kafukufuku wambiri wa ma opioid sanadutse pa muyezo umenewu.

Tiyerekeze kuti delta imagwiradi ntchito pa munthu. Chingalepheretse n'chiyani?

Choyamba ndi kufika. Mitsempha ya mu ubongo ili ndi khoma lothinana limene limasefa zolowa, ndipo lili ndi mapuloteni obweza mankhwala ena m'magazi. Chitsanzo chake muli nacho mwina m'nyumba: loperamide, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, ndi opioid weniweni wogwira pa mu, koma pa mlingo woyenera saledzeretsa chifukwa khomali limamubweza ndipo amangogwira ntchito m'matumbo. DADLE ndi kapuloteni, choncho amalowa movutikira ndipo thupi limamugaya msanga. Kuonjezera apo, pamene mukufuna mankhwala afike ndi pomwepo pamene magazi sakufika.

Chachiwiri ndi kugwidwa ngati wa khunyu. Mankhwala a delta olowa bwino mu ubongo, monga SNC80 ndi BW373U86, amaphuphitsa makoswe ndi mbewa. Ubongo wovulala ndi sitiroko umakhala kale pafupi ndi khunyu. Akatswiri apanga ena amene amadzutsa delta popanda kuphuphitsa, ndipo ena mwa amenewa ayesedwa pa anthu pa matenda a ululu ndi a nkhawa, koma palibe ndi amodzi omwe amene avomerezedwa pa matenda alionse. DADLE nayenso akachuluka amayamba kugwira pa mu, ndipo zovuta za mu zimabwera.

Ndamva kuti naloxone wabwereranso. N'zoona?

Wabwerera, koma polowera pena. Mu 2018, gulu la Mikko Airavaara ku University of Helsinki, mogwirizana ndi Brandon Harvey wa ku National Institute on Drug Abuse ku America, linapatsa makoswe naloxone wa m'mphuno kuyambira tsiku limodzi sitiroko itachitika, kwa masiku 7. Chigawo chakufa sichinachepe, koma makoswewo anayambanso kuyenda bwino kuposa anzawo, ndipo microglia anachepa ukali. Chodabwitsa n'chakuti anagwiritsanso ntchito mtundu wa naloxone umene sugwira n'komwe pa ma receptor a opioid, ndipo nawo unathandiza. Akuganiza kuti amadzera pa puloteni ya chitetezo cha thupi yotchedwa TLR4.

Zikakhala zoona, ndiye kuti zina zimene zakhala zikutchedwa ntchito ya ma receptor a opioid si zawo. Komanso cholinga chasintha, kuchoka pa kupulumutsa selo m'maola oyamba kupita pa kuthandiza ubongo kuchira masiku otsatira. Kwa wodwala wofika mochedwa, cholinga chachiwirichi n'chimene chingakhale ndi phindu. Koma awa ndi makoswe, ndipo naloxone anatinamizapo kale kamodzi.

Ndiye wodwala sitiroko tingamupatse morphine kapena tramadol kuti ateteze ubongo?

Ayi, ndipo pano ndinene motsindika. Mankhwala amenewa amagwira pa mu. Amafooketsa kupuma, choncho okosijeni amatsika pa nthawi imene ubongo ukumufuna kwambiri, ndipo mpweya woipa ukachuluka m'magazi mitsempha ya m'mutu imatakasuka n'kuonjezera kuthinana m'chigaza. Amagonetsa, choncho namwino sangadziwe ngati wodwala akuipiraipira kapena ndi tulo ta mankhwala. Amasanzitsa, pamene odwala sitiroko ambiri amavutika kumeza ndipo masanzi akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo. Tramadol amathanso kuyambitsa khunyu. Anthu odzibaya heroin nawonso sitiroko siwasiya: majeremusi olowa ndi singano amakamanga mu mtima, tizidutswa take n'kukatseka mitsempha ya mu ubongo.

Izi sizikutanthauza kuti morphine ndi woipa. Morphine wamadzi amene amaperekedwa kwa odwala khansa ndi ena a ululu waukulu ndi mankhwala abwino, ndipo vuto la mayiko athu ndi kusowa kwake. Wodwala sitiroko amene ali ndi ululu woopsa angathe kupatsidwa, dokotala akuyang'anira. Koma amenewo ndi mankhwala a ululu, si oteteza ubongo.

Mwachidule, kafukufukuyu wafika pati?

Kuona kwanga n'kwakuti delta ili ndi umboni wa mu labotale wogwirizana bwino kuposa mu ndi kappa, ndipo mpata wake wakula kuyambira 2015. Kale mankhwala oteteza selo ankayesedwa pa anthu amene mitsempha yawo sinatseguke, ndipo selo lopirira ola lina limafabe ngati magazi sabwera. Tsopano pamene mtsempha ungatsegulidwe, mankhwala ogula ola limodzi ali ndi tanthauzo. Koma pakufunika mankhwala olowa mu ubongo, osaphuphitsa, ogwira ntchito ataperekedwa mochedwa, pa nyama zokalamba za mitundu yonse iwiri, kenako pa odwala masauzande. Palibe mankhwala a delta kapena kappa amene afika pamenepo. Aliyense amene angakugulitseni mankhwala kapena chitsamba ponena kuti chimadzutsa ma receptor a opioid n'kuchiza sitiroko akukunamizani.

Nanga m'bale wanga akagwidwa lero, ndichite chiyani?

Yang'anani zinthu zitatu: pakamwa ngati papindikira mbali imodzi, mkono kapena mwendo ngati walefuka, ndi malankhulidwe ngati asokonekera. Chimodzi chokha chikaoneka mwadzidzidzi, onani nthawi pa foni, muikumbukire, ndipo nyamukani kupita kuchipatala, ngakhale zizindikiro zitabwerera zokha. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala alionse asanayezedwe kameze kake. Aspirin amathandiza pa mtsempha wotsekeka, koma pa wophulika amaonjezera kutaya magazi, ndipo kusiyanitsa ziwirizi ndi maso sikutheka. Akakhala kuti sakuzindikira, mugonekeni chammbali.

Ngakhale kumene kulibe alteplase, chisamaliro chabwino cha m'wodi chimapulumutsa anthu: kuyeza kameze, kutsitsa kutentha kwa thupi, kusamala shuga, kutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda, ndi kuyamba msanga masewera olimbitsa ziwalo. Kafukufuku amene Laura Benjamin ndi anzake anachita pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anatuluka mu 2016, anapeza kuti BP ndiyo inatsogola pa zoyambitsa sitiroko, ndipo pakati pa achinyamata HIV inali patsogolo, makamaka kwa amene sanali pa mankhwala kapena anangoyamba kumene chitetezo chitatsika kale. Ziwiri zonsezi zimayezedwa pachipatala chapafupi ndipo mankhwala ake alipo. Ngati simukudziwa BP yanu, kayezetseni sabata ino, ndipo ngati anakupatsani kale mapiritsi, musawasiye chifukwa choti mukumva bwino.